Kugula Toyota ya ku Japan: Yambani ndi Zilembo za pa Chasisi

Mukafunsa makaniko wa ku Biwi kapena ku Ndirande kuti mugule galimoto yanji, yankho limatuluka funso lisanathe n'komwe: "Tengani Toyota bwana, masipeya ali mbwee." Sakunama ayi. Kungoti pansi pa dzina limodzili pali mainjini amene amakalamba osatsegulidwapo, palinso ena amene amamwa oilo ngati akulipidwa. Onsewa chizindikiro chawo pamphuno n'chimodzi, ndipo wogulitsa adzakuuzani mawu omwewo. Chowasiyanitsa chili pa kachitsulo kakang'ono kokhomedwa m'chipinda cha injini kapena pamphuthu ya chitseko.

Kumene mbiri yabwinoyi inachokera

Banja la Toyoda silinayambe ndi magalimoto. Sakichi Toyoda ankapanga makina owombera nsalu, ndipo makina ake a mu 1924 otchedwa Type G ankaima okha ulusi umodzi ukangoduka, kuti asapitirize kuwomba nsalu yolakwika. Mu 1929 ufulu wopanga makinawa unagulitsidwa ku kampani ya ku England ya Platt Brothers pa mapaundi 100,000. Mwana wake, Kiichiro, anatsegula nthambi ya magalimoto m'kampani ya makina a nsaluyo mu 1933, galimoto yonyamula anthu ya Model AA inatuluka mu 1936, ndipo Toyota Motor Company inaima payokha mu 1937. Tauni ya Koromo, komwe kunali fakitale, inasinthidwa dzina mu 1959 n'kukhala Toyota City.

Mu 1950 kampaniyi inatsala pang'ono kugwa. Ndalama zinatha, antchito ananyanyala, Kiichiro anatula pansi udindo, ndipo chinaipulumutsa ndi maoda a malole pa nkhondo ya ku Korea. Umphawiwo ndiwo unaiphunzitsa ntchito. Popeza panalibe ndalama zounjikira zitsulo m'nkhokwe kapena zokonzeranso zolakwika, injiniya wa kampaniyi Taiichi Ohno ndi anzake anatenga nzeru ya makina a nsalu ija n'kuilowetsa m'fakitale: wantchito aliyense akaona cholakwika amakoka chingwe, ndipo vutolo likapanda kutha msanga mzere wonse umaima. Zipangizo zimafika pa nthawi yomwe zikufunika, osati kale. M'njira imeneyi munatuluka Land Cruiser, yomwe inayamba ngati BJ mu 1951 n'kulandira dzinali mu 1954, Corolla mu 1966, HiAce mu 1967 ndi Hilux mu 1968. Pofika 2021 ma Corolla ogulitsidwa anali atapitirira 50 miliyoni. Masipeya ali mbwee chifukwa chimenechi, komanso chifukwa injini imodzi imaikidwa m'magalimoto a mitundu yambiri kwa zaka zambiri.

Koma Toyota ili ndi zipsera zake. Mu 2009 ndi 2010 inaitanitsa magalimoto mamiliyoni kuti akakonzedwe chifukwa cha chopondera mafuta chomwe chinkakodwa pa kapeti kapena kukanirira, mkulu wake wa nthawiyo Akio Toyoda anakayankha mafunso ku nyumba ya malamulo ya America, ndipo mu 2014 inalipira madola 1.2 biliyoni. Mu December 2023 Daihatsu, kampani yake yomwe, inavomera kuti inkachita chinyengo poyesa chitetezo cha magalimoto. Nkhani ya Daihatsu ikutikhudza chifukwa Passo ndi Rush ndi magalimoto a Daihatsu ovala chizindikiro cha Toyota, monganso Starlet yatsopano yogulitsidwa mu Africa ili Suzuki Baleno yopangidwa ku India. Si zoipa ayi, koma musazigule poganiza kuti ndi Corolla yaing'ono.

Werengani chasisi musanayang'ane utoto

Galimoto yopangidwira msika wa ku Japan ilibe nambala ija ya chasisi ya zilembo 17 yomwe imakhala pa magalimoto a m'maiko ena. Yake imaoneka chonchi: NZE141, kamzere, kenako manambala 7. Zilembo zoyambirira zimanena banja la injini, zotsatira zimanena mtundu wa galimoto ndi m'badwo wake. NZE121 ndi Corolla ya 2000 mpaka 2006 ya injini ya 1NZ-FE, malita 1.5. NZE141 ndi Axio kapena Fielder yoyambira 2006, NZE161 ndi yoyambira 2012. NZE124 ndi NZE144 zimakoka ndi matayala onse anayi, kotero zimadyako mafuta ambiri ndipo masipeya ake akumbuyo ndi ena. Pa Vitz, KSP90 ndi ya lita imodzi ya masilinda atatu, SCP90 ndi ya 1.3, NCP91 ndi ya 1.5. Sienta wamba ndi NCP81, Probox ya 1.5 ndi NCP51. Pa HiAce, KDH ndi ya dizilo, TRH ndi ya petulo.

Nambala ya pa kachitsulo ifanane ndi yodindidwa pa thupi la galimoto komanso ya pa mapepala. Malo odindidwawo akaoneka opalidwa, owotcheredwa kapena opakidwa utoto watsopano okha, tembenukani muzipita. Ndipo pogula masipeya muzinena nambalayi. "Ya Corolla" si yankho, chifukwa ma Corolla ndi ambiri.

Mainjini odalirika ndi ofuna maso

1NZ-FE ndi mng'ono wake 2NZ-FE ndiwo asenza mbiri ya Toyota m'misewu yathu. Ali ndi tcheni osati lamba poyendetsa mavavu, sasankha kwambiri mafuta, ndipo makaniko aliyense anawagwirapo. 1KR-FE ya mu Vitz ndi Passo imanjenjemera pang'ono ikaima pa roboti. Ndi chibadwa cha masilinda atatu, si matenda, ngakhale kunjenjemerako kukakula muyang'ane mphira zogwira injini. Mphamvu yake ndi ya m'tauni. Yodzaza anthu asanu ndi thumba la chimanga pokwera Thyolo, imalira.

Ofuna maso ndi awa. 1AZ-FSE, yolembedwa D-4 pachivundikiro, imapezeka mu Noah ndi Voxy za AZR60 komanso Premio ndi Allion za AZT240. Imapopera petulo m'silinda mwachindunji, choncho mavavu olowetsa mpweya satsukidwa ndi petulo ngati mmene zimakhalira pa mainjini ena. Mwaye umaunjikana pamenepo ndi m'njira ya mpweya, galimoto n'kuyamba kutsamwa, kuzima pa roboti ndi kudya mafuta. Imakonzeka, koma imafuna makaniko wa kompyuta, osati wongomvetsera ndi khutu. Wofuna Noah yopanda mavutowa ayang'ane ZRR70 yoyambira 2007.

2AZ-FE ya malita 2.4, ya mu Alphard, Estima, Vanguard, Harrier ndi Camry, makamaka ya pakati pa 2006 ndi 2011, imadziwika ndi kumwa oilo. Maring'i a pisitoni ndi timabowo tobwezera oilo timatsekeka ndi mwaye, oilo n'kumapsera limodzi ndi petulo. Pansi sipadontha kanthu, kotero mwini wake sadziwa mpaka nyali yofiira itayaka, ndipo pamenepo mabering'i amakhala atavulala kale. 1ZZ-FE ya 1.8 yopangidwa 2005 isanafike ili ndi chizolowezi chomwechi.

Pa dizilo nkhani ndi kutentha ndi lamba. 1KZ-TE ya mu Prado KZJ95 ndi Hilux Surf ili ndi hedi ya aluminiyamu pamwamba pa buloko ya chitsulo. Ikatenthedwa kamodzi kokha mokwanira, hedi imang'aluka. Hedi ya 2L-TE nayo imang'aluka ikatenthedwa. 1KD-FTV ya malita 3.0 ili ndi vuto lobisika kwambiri: timawashala ta kopa tokhala pansi pa mainjekita tikatha, utsi umalowa mu oilo, oilo amasanduka makala, makalawo n'kutseka kasefa kokokera oilo pansi pa injini. Timawashalato ndi totchipa, injini si yotchipa. 1KD ndi 2KD zili ndi lamba woyendetsa mavavu wofunika kusinthidwa pa nthawi yake, ndipo nyali yolembedwa T-BELT imayaka nthawiyo ikakwana. Anthu ena amangoizimitsa osasintha lamba, ndiye ngati palibe umboni woti anasinthidwa, sinthani inuyo pamodzi ndi tenshona yake. Lamba wa dizilo akaduka, mavavu amagundana ndi mapisitoni. 1HZ ya malita 4.2 ya mu Land Cruiser 70 ndi yaulesi pamsewu koma ndi yopirira kuposa onsewa, n'chifukwa chake maambulansi ambiri a kumadera ovuta amakhala amenewa.

Mapepala a ku Japan

Pemphani pepala la ku okushoni. Pamwamba pali giredi: 4.5 ndi 5 ndi zaukhondo, 4 ndi yabwino, 3.5 yatopako, R kapena RA ndi yomwe inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pa chithunzi cha galimoto, A ndi kukalika, U ndi kubonyoka, W ndi malo okonzedwa, XX ndi chitsulo chosinthidwa, S ndi C ndi dzimbiri. Nambala yotsatira chilembo ikakula, vutonso ndi lalikulu.

Chaka chimalembedwa m'kawerengedwe ka mafumu a ku Japan. H ndi Heisei, muwonjezere 1988: H20 ndi 2008. R ya pa deti ndi Reiwa, muwonjezere 2018. Chimenechi ndi chaka cholembetsera, chomwe nthawi zina chimasiyana ndi chopangira. Kansalu kosokedwa kumunsi kwa lamba wa pampando kamasonyeza chaka chomwe lambayo anapangidwa, ndipo sichitalikirana ndi cha galimoto. Musapeputse zimenezi, pakuti msonkho wa MRA umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Werengetsani msonkhowo musanatumize ndalama ku Japan, osati galimoto ili kale pa Songwe.

Za makilomita, ku Japan galimoto yanyumba imayesedwa ndi boma ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo makilomita amalembedwa. Satifiketi yotulutsira galimoto kunja imasonyeza makilomita a pa kuyesedwa komaliza. Akaposa omwe ali pa dashibodi, wina anabweza wotchi. Chiwongolero chonyezimira chifukwa chogwiridwa, mphira ya chopondera buleki yotha m'mbali ndi mpando wa dalaivala wophwa sizigwirizana ndi makilomita 50,000.

Kuyesa galimoto ili pamaso panu

Pitani m'mawa injini isanalizidwe. Igwireni ndi dzanja: ikakhala yofunda, wogulitsa wakudzukirani, bwereraninso tsiku lina. Tsegulani chitsekerero cha oilo muunike ndi tochi ya foni. Chitsulo cha mkati chizioneka chagolide kapena chofiirira pang'ono. Phala lakuda ndi chizindikiro cha oilo wosasinthidwa, ndipo zoyera ngati chambiko zingakhale madzi osakanikirana ndi oilo. Tsegulaninso chitsekerero cha radiyeta, injini ili yozizira basi, mulize, muone ngati mukutuluka thovu losalekeza. Limenelo ndi gasiketi kapena hedi.

Mukatembenuza kiyi musanalize, nyali za injini, ABS, oilo ndi airbag ziyake zonse, kenako zizime. Yomwe sinayake n'komwe mwina inachotsedwa babu. Mnzanu aime kumbuyo: utsi wabuluu ndi oilo, woyera wosatha injini itatentha ndi madzi, wakuda pa dizilo ndi mainjekita kapena sefa ya mpweya. Gwadani muone kunsi. Magalimoto ochokera ku Hokkaido ndi Tohoku amayenda m'misewu yothiridwa mchere nthawi ya chisanu, ndipo dzimbiri limadya pansi pamwamba pakuwala.

Lowetsani nambala ya chasisi pa tsamba la Toyota la ku Japan la magalimoto oitanidwa kukakonzedwa. Ma Corolla ndi ma Vitz ambiri a zaka za m'ma 2000 anali ndi ma airbag a Takata, omwe mankhwala ake amawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, n'kuphulika ndi tizitsulo. Kwa galimoto yokakhala ku Salima, Mangochi kapena Nsanje si nkhani yongomva.

Sabata yoyamba ikafika

Yambani ndi matayala. Ambiri amabwera ndi a chisanu, olembedwa STUDLESS, a mphira yofewa ndi timizere tambirimbiri. Amaoneka atsopano koma pa phula lotentha amatha msanga ndipo saima bwino pamvula. Manambala anayi a m'mbali mwa tayala amanena sabata ndi chaka: 2318 ndi sabata ya 23 ya 2018.

Sinthani oilo ndi sefa yake. 1NZ-FE imalowa malita 3.7 pamodzi ndi sefa, 5W-30 kapena 10W-30. Oilo wolemera wa 20W-50, yemwe ambiri amamukonda poti ndi wokhuthala, amachedwa kufika m'timipata ta VVT-i (kachipangizo kosintha nthawi yotsegukira mavavu) m'mawa. M'fumbi lathuli musapitirire makilomita 5,000, ndipo sefa ya mpweya muziyang'ana nthawi yomweyo. M'radiyeta mulowe madzi apinki a Super Long Life Coolant, osati a pa mjigo, omwe amasiya miyala m'timipaipi ndi kudya pampu.

Giyabokosi ndi pomwe magalimoto ambiri amafera m'manja mwa eni ake. NZE121 ndi Probox NCP51 zili ndi otomatiki wamba ya magiya anayi, yofuna mafuta a giyabokosi otchedwa ATF T-IV. Axio NZE141, Sienta NCP81 ndi Vitz za KSP90 ndi SCP90 zili ndi CVT, yomwe imayenda ndi lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri, ndipo imafuna mafuta akeake, CVT Fluid TC kapena FE malinga ndi chaka. Mukathiramo ATF wamba, lamba amayamba kuterereka ndi kukanda mapule, galimoto imalira koma osathamanga, kenako basi. CVT zambiri zilibe kopimira, mulingo wake umayesedwa pa kabowo ka pansi mafuta ali pa kutentha koyenera, choncho si ntchito ya pansi pa mtengo. Sizikondanso kukoka ngolo kapena kupondedwa mwamphamvu zitatitimira m'matope.

Wailesi yake ikamagwira masiteshoni ochepa okha, sinawonongeke. Zambiri za ku Japan zimayambira 76 n'kulekezera 90 MHz, pomwe masiteshoni athu amafika 108. Amagetsi a galimoto amaika kachipangizo kotchedwa band expander pa waya wa eriyo, ndipo manambala a pa wailesiyo sadzafanananso ndi omwe muulutsi akutchula.