Wolakwa Akakhala Munthu Amene Aliyense Amamudalira

Inu amene mumayang'anira mapulojekiti a open source (mapulogalamu a pakompyuta amene aliyense angaone mmene analembedwera n'kuthandiza kuwakonza), lembani malamulo a khalidwe zinthu zisanafike poipa. Ambiri amatengera Contributor Covenant, ndondomeko ya malamulo oterewa yolembedwa mu 2014. Nawonso a Linux, pulogalamu yotchuka ya open source yoyendetsa makompyuta, anatengera yomweyo mu 2018, pamene Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, anapepesa chifukwa cha mawu ake aukali n'kuyamba wapuma kwa milungu ingapo.

Nkhani imavuta wolakwayo akakhala mkulu wolemekezeka. Anzake apamtima asakhale nawo poweruza, ndipo dzina la wodandaula lisatuluke. Koma chimene ambiri amaiwala ndi ichi: mphamvu zovomereza code (malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamu) ndiponso mapasiwedi a seva (makompyuta osungira ntchito yonse) zisakhale m'manja mwa munthu mmodzi. Mukalekerera zimenezi, tsiku lomuimitsa likadzafika mudzachita mantha kuti ntchito yonse iima, ndiye mudzangomusiya.