Kuonera mbalame ndi kulondola mapazi a nyama m'mbali mwa mtsinje

Nthawi yabwino yofika kumtsinje ndi m'bandakucha mpaka dzuwa litakwera pang'ono, kapena chakumadzulo likamapendeka. Mbalame zimadya ndi kulira kwambiri nthawi zimenezi, komanso kuwala kobwera chammbali kumaika kamthunzi m'phazi lililonse la pamatope. Dzuwa likafika paliwombo, mapazi omwewo amachita ngati afufutika. Choncho poyang'ana phazi, liikeni pakati pa inu ndi dzuwa, ndipo nyonyomalani. Poyang'ana mbalame n'zosiyana: dzuwa likhale kumsana kwanu, apo ayi mudzangoona chinthu chakuda bii pamtengo.

Musanayambe kuyenda, tapani dothi louma pang'ono n'kulisiya ligwe kuti muone komwe mphepo ikulowera. Yendani mphepo ikukuombani kumaso, chifukwa mbawala kapena nguluwe imamva fungo la munthu isanamuone. Zovala zikhale zotuwa kapena zobiriwira, zosachita phokoso. Gulu lisapitirire anthu anayi kapena asanu. Cholakwa chofala ndi liwiro. Yendani mapazi 20, imani, mvetserani. Mukapeza malo oonekera bwino pokhota mtsinje, khalani pansi mphindi 15 osasuntha; mbalame zomwe zinathawa mukufika zimabwerera zokha.

Mabayinokyula olembedwa 8x42 ndi okwanira. Nambala 8 ikutanthauza kuti chinthu chimaoneka pafupi kasanu ndi katatu, ndipo 42 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Omwe nambala yawo yoyamba iposa 10 amanjenjemera m'manja. Akonzeni kamodzi kuti agwirizane ndi maso anu: phimbani galasi lakumanja, zungulizani kagudumu kapakati mpaka diso lamanzere lione bwino, kenako phimbani lamanzere n'kukonza ndi kamphete ka pagalasi lakumanja. Ambiri mbalame imawasowa chifukwa amayang'ana pansi potenga mabayinokyula. Maso akhale pambalame pomwepo, manja okha ndiwo akweze chipangizocho kufika kumaso.

Musathamangire mtundu wa nthenga. Yambani ndi msinkhu, poyerekeza ndi mbalame yomwe mumaidziwa kale monga mpheta, njiwa kapena khwangwala. Kenako mlomo, miyendo, ndi zomwe ikuchita. Kakowa amaima m'madzi osaya kapena kuyenda mwakachetechete, ndipo pouluka amapinda khosi. Nkhwazi imakhala pansonga ya mtengo wautali ndipo polira imaponya mutu kumbuyo. Chimulu chachikulu cha timitengo paphanda la mtengo chimakhala chisa cha nantchengwa. Lembani zimenezi m'kabuku ndi pensulo mbalame ikadalipo, buku la mayina mudzatsegule ikapita.

Mapazi amafuna kudekha kwambiri. Fufuzani pamatope olimbako kapena pamchenga wonyowa, makamaka pamene tinjira ta nyama timatsikira kumadzi. Matope ofewetsa amanamiza, chifukwa phazi limaterereka n'kuoneka lalikulu. Musaweruze ndi phazi limodzi. Tsatani asanu kapena khumi, mukuyenda pambali kuti musawaponde. Ikani rula pafupi ndi phazi, jambulani kuchokera pamwamba penipeni, ndipo yezaninso mtunda wa pakati pa phazi ndi linzake.

Werengani zala, kenako funani zikhadabo. Nyama zambiri za mtundu wa mphaka, monga nyalugwe, zimabisa zikhadabo poyenda, ndipo kumbuyo kwa chidendene chake kumakhala timabondo (tizigawo tozungulira) titatu. Galu ndi nkhandwe zikhadabo zimaoneka, phazi n'lotalikirapo. Fisi nayenso zikhadabo zimaoneka, koma timabondo take n'tiwiri, ndipo ndowe zake zikauma zimayera chifukwa cha mafupa omwe amadya. Ndowe zodzaza ndi zidutswa za nkhanu ndi mamba a nsomba pamwala wa m'mphepete ndi za katumbu, nyama yomwe mungathe chaka chonse osaiona ngakhale ili pomwepo. Bakha amasiya chikopa pakati pa zala, pomwe kakowa amasiya zala zitatu zazitali kutsogolo ndi chimodzi kumbuyo.

Kuti mudziwe ngati phazi n'latsopano, onani m'mbali mwake. Latsopano limakhala lakuthwa m'mphepete ndipo mkati mwake mumadera kuposa dothi lozungulira. Likagona, m'mbali mumagumuka, mumagwera masamba, ndipo tizilombo timadutsamo n'kusiya timizere. Ngati muli timaenje ta madontho a mvula, nyamayo inadutsa mvula isanagwe. Ngati madzi akulowabe pang'onopang'ono m'phazimo, kwezani mutu, mwini wake sali patali.

Apa mpamene pali nkhani ya moyo. Mvuu imasiya phazi lalikulu la zala zinayi, ndipo njira yake imakhala ndi mizere iwiri ndi kamzere ka udzu pakati. Imatuluka usiku kukadya msipu n'kubwerera m'madzi kukamacha, nthawi yomweyo imene inu mwafika. Musaime m'njira yotereyi, ndipo musapezeke pakati pa mvuu ndi madzi, chifukwa ikadzidzimuka imathamangira kumadzi osasamala za chomwe chili kutsogolo. Malo osalala otsetserekera m'madzi, okhala ndi mzere wa mchira pakati pa mapazi, ndi a ng'ona. Ng'azi nayo imakoka mchira, koma mzere wake ndi wopyapyala. Kumene kuli ng'ona khalani mamita osachepera 5 kuchoka pamadzi, ndipo musawerame m'mphepete kuti mujambule phazi, ngakhale likhale lokongola bwanji. Kuponda m'madzi odikha kulinso ndi likodzo.

Chisa chionereni patali. Mbalame ikayamba kulira mokalipa kapena kuzungulira pamwamba panu, bwererani m'mbuyo, popeza mazira osiyidwa padzuwa sachedwa kuonongeka ndipo akhwangwala amaona pomwe munthu waima. Kuliza mawu a mbalame pafoni kuti ibwere pafupi kumaichotsa pachisa ndi pachakudya, ndipo m'malo ena otetezedwa n'koletsedwa, choncho funsani oyang'anira malowo musanalowe.