Mmene mungadziwire kuti Shire akubwera pakhomo panu

Abale anga a m'mbali mwa mtsinje, kuyambira kwa Mponda kuno ku Mangochi kutsikira ku Malombe uko, choyamba mvetsani kuti madzi athu kuno sabwera usiku umodzi ngati a ku Nsanje ayi. Shire pano wangotuluka kumene m'nyanja ya Malawi, ndiye nyanja ikadzadza nayenso amafufuma, ndipo nyanjayo imadzadzidwa ndi mitsinje yakutali, Songwe, Rukuru, Bua, Linthipe, ngakhale Ruhuhu wa ku Tanzania. Nchifukwa chake mvula imatha kusiya kuno, dzuwa lili phwee, koma madzi akungokwerabe mpaka Epulo kapena Meyi. Mu 2024 zinatero, nyanja inadutsa mamita 476 poyeza kuchokera pamlingo wa nyanja ya mchere, malodge ndi nyumba za anthu zinalowa madzi eni ake akuti dzinja latha.

Ndiye pangani izi. Januwale akangoyamba pezani mtengo wolimba, mukhome pomwe madzi alekezera, mudule kamzere ndi mpeni. Ine ndimakaona Lachisanu lililonse, ndimayeza ndi chikhatho basi, ndikapeza kamzere kamira ndimadula kena pamwamba ndikuuza aneba. Musamayeze tsiku la mphepo, mafunde amanamiza, pitani m'mamawa madzi ali zii. Masabata atatu otsatizana akukwera osabwerera, yambani kulongedza, musadikire kuti afike pachitseko.

Chachiwiri, kakhaleni pansi ndi agogo muwafunse kuti madzi a 1980 anafika pati, chaka chimenecho nyanja inafika cha m'ma 477. Adzakulozerani mtengo wa mango kapena chulu, ndiye pamenepo ndi malire enieni, kumunsi kwake musamangeko nyumba ya njerwa olo puloti ikhale yotchipa bwanji. Mtsinje uwu umasinthasintha zedi, cha m'ma 1915 mpaka m'ma 1930 unasiya kuyenda, Malombe anaphwa anthu nkumalima pomwe lero pali mabwato. Malo ouma lero sikuti madzi anawaiwala.

Za baraji ya ku Liwonde ija, yomwe amatsekera ndi kutsegulira madzi a Shire, inamangidwa mu 1965, ndikudziwa ambiri timalusa kuti bwanji osangotsegula. Koma madzi omwewo amapita ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira kenako kwa anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje, ndiye satsegula mwachisawawa, inu musaike mtima pamenepo.

Polongedza yambani ndi mapepala, ziphaso, mabuku a kusikelo, masatifiketi a ana, zonse mujumbo ziwiri kenako mundowa yotseka. Matumba a chimanga ndi mpunga akwere pathandala kapena akagone kwa abale kumtunda, mbuzi zitsogole. Chimbudzi chikayamba kulowa madzi siyani kuchigwiritsa ntchito, ndipo madzi akumwa muzithira klorini, kafunseni kwa alangizi a zaumoyo, kolera wa 2022 ndi 2023 anatitengera anthu ambiri m'boma lino. Ana asamasewere m'madzi osefukirawo, ng'ona zimatsata madzi mpaka kuseri kwa nyumba, mvuu nazo usiku zimalowa m'munda.

Madzi akayamba kutsika musathamangire kubwerera, mu Juni ndi Julayi mwera umawomba ndipo mafunde ake ndi amene amagwetsa zipupa zonyowa kale. Ikani matumba a mchenga mbali yoyang'ana kumadzi, mabango a m'mphepete musawadule, ndipo musanagonemo gogodani chipupa chilichonse muone ngati maziko sanafumbutuke.