Kukonza hadi disiki musanabwezeretse Windows XP kapena Windows 7

Abale ena amene amagwira ntchito m'mashopu odula zomata, osoka zilembo pa malaya kapena okonza mafoni ku Mayfair, Fordsburg ndi Rosettenville mu mzinda wa Johannesburg akadali ndi makina amene pulogalamu yake imayenda pa Windows XP kapena Windows 7 basi. Ena amagula kompyuta zakale zotchipa kuti atumize kumudzi pa basi. Vuto limene onsewa amakumana nalo ndi limodzi: hadi disiki inakonzedwa ndi Windows 10 kapena 11, ndiye Windows yakale imaikana kapena siiona n'komwe. Ntchito yeniyeni ili pobwezera disikiyo ndi BIOS (pulogalamu ya m'kati imene imayamba kompyuta ikangoyaka) m'chikale musanalowetse CD.

Yambani ndi kusamutsa mafayilo onse ofunika. Lembani papepala nambala ya laisensi, ija ya zilembo 25 imene imakhala pa kapepala komata pansi pa laputopu kapena pambali pa bokosi. Mutsitsiretu madirayiva (timapulogalamu tothandiza Windows kudziwa zipangizo za m'kompyuta) pa fulashi, makamaka ya netiweki ndi ya chipset, chifukwa XP ikangolowa nthawi zambiri sidziwa khadi la netiweki, ndipo simudzatha kutsitsa kalikonse.

Kenako yezani disikiyo ndi pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo. Ikalemba Good, pitirizani. Ikalemba Caution mwachikasu, onani mizere iwiri, Reallocated Sectors Count ndi Current Pending Sector Count. Manambala akakhala akukwera, kapena disiki ikamalira kuti tche tche tche poyaka, itayeni. Kufomata sikuchiritsa disiki yodwala, kumangobisa matendawo kwa masabata ochepa.

Tsopano lowani mu BIOS podina F2, F10 kapena Del kompyuta ikangoyaka. Zimitsani Secure Boot, yatsani Legacy kapena CSM. Ngati mukuika XP, pezani pamene palembedwa SATA Mode (njira imene kompyuta imalumikizirana ndi disiki) n'kusintha AHCI kukhala IDE, kumene makina ena amalemba Compatibility kapena ATA. XP inatuluka mu 2001 ndipo pa CD yake palibe dirayiva ya AHCI. N'chifukwa chake imanena kuti sinapeze hadi disiki iliyonse, kapena imagwetsa sikirini ya buluu yokhala ndi nambala 0x0000007B. Anthu ambiri amagula disiki ina poganiza kuti yafa, chikhalirecho vuto ndi mzere umodzi wa mu BIOS. Ngati BIOS ilibe IDE, njira yotsala ndi kuphatikiza dirayivayo pa CD ndi pulogalamu ya nLite. Windows 7 ilibe vutoli, isiyeni pa AHCI.

Pamenepo muonenso tsiku ndi nthawi. Ngati zabwerera zaka zambiri m'mbuyo, kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa motherboard katha. Kasintheni pompo, apo ayi magetsi akangozima BIOS idzaiwala zimene mwasintha, ndipo sikirini ya buluu ija ingadzabwerenso kompyuta itafika kale ku Mzimba.

Chachikulu ndi mmene disiki inagawidwira. Makina atsopano amagwiritsa ntchito njira yogawira yotchedwa GPT, akale MBR. XP ya 32-bit siwerenga GPT, ndipo Windows 7 ya 32-bit singayakire pa GPT. MBR imalekeza pa 2TB ndiponso imalola mapatishoni (magawo a disiki) akuluakulu 4 okha, choncho disiki ya 3TB kapena 4TB siyoyenera ntchitoyi.

Musanafufute, zulani disiki ina iliyonse imene ili m'bokosimo, ngakhale ya kunja yosungira zithunzi. Yatsani kompyuta ndi DVD kapena fulashi ya Windows 7, ngakhale cholinga chanu chili XP. Sikirini yoyamba ikatuluka, dinani Shift ndi F10 pamodzi, lembani diskpart, kenako list disk. Yang'anitsitsani kukula kwa disiki iliyonse. Imene ili ndi kanyenyezi pansi pa Gpt ndiyo yofunika kusintha. Musathamangire kuti disiki 0 ndiyo yake nthawi zonse, tsimikizani ndi kukula kwake, chifukwa lamulo lotsatira silifunsa kawiri. Mukatsimikiza, lembani izi mzere umodziumodzi, n'kumadina Enter, koma m'malo mwa 0 muike nambala ya disiki yanu:

select disk 0
clean
convert mbr
create partition primary size=61440
format fs=ntfs quick
active
exit

Nambala ya 61440 ndi 60GB, malo okwanira Windows ndi mapulogalamu a shopu. Windows 7 payokha imafuna 16GB pa 32-bit ndi 20GB pa 64-bit. Malo otsalawo mudzapange patishoni yachiwiri ya mafayilo, kuti ulendo wina mukadzafomata musadzataye ntchito za makasitomala.

Lamulo la clean lili ngati kuzula zikhomo za m'malire a munda mbewu zili momwemo: mafayilo saonekanso, koma wodziwa akhoza kuwabweza. Ngati kompyuta munagula kwa munthu wina, kapena mukuipereka, lembani clean all. Limeneli limalemba ziro pa disiki yonse ndipo pa 500GB lingatenge ola limodzi kapena kuposa.

Pali chifukwa chimene tikunenera kuti patishoni ipangidwe ndi Windows 7. XP imayambitsa patishoni pa sekita 63 (sekita ndi kagawo kakang'ono ka disiki), pamene Windows 7 imayambira pa 1MB. Ma SSD ndi hadi disiki zambiri za kuyambira cha mu 2011, zolembedwa Advanced Format kapena AF, zimasunga zinthu m'magawo a 4KB, ndipo zikayambira pa 63 zimalemba mwaulesi kwambiri. Choncho XP ikakufunsani, sankhani patishoni imene mwapanga kale ndipo muiuze kuti isasinthe kalikonse. Musaifufute n'kupanga ina. Mafomatidwe akale otchedwa FAT32 asiyeni: XP sifomata FAT32 kupitirira 32GB, komanso FAT32 silandira fayilo yoposa 4GB. CD yanu ikhale ya Service Pack 3, chifukwa XP yoyambirira imaona 137GB yokha ngakhale disiki ikhale yaikulu bwanji.

Pa disiki zakale za chingwe chotambalala cha mapini 40, kapulasitiki kakang'ono ka kumbuyo kakhale pa Master, disikiyo ili kumapeto kwa chingwe.

Windows 7 nayo ili ndi msampha wake. Sidziwa USB 3.0, ndiye mukabaya fulashi pa bowo la buluu imadandaula kuti dirayiva ya CD/DVD ikusowa. Bayani pa bowo lakuda. Pa makina a Intel a m'badwo wachisanu ndi chimodzi, a 2015 kupita m'tsogolo, mabowo onse amakana, mwinanso kiyibodi ndi mawusi zimafa. Kunena zoona, makina oterewa si oyenera kuwabwezera m'mbuyo.

Onani ndandanda ya kuzima kwa magetsi m'dera lanu musanayambe, ndipo m'chilimwe cha kuno, pamene mvula ya ziphaliwali imakonda kugwa masana, gwirani ntchitoyi m'mawa. Magetsi akaduka pakati, yambiraninso pa clean.

Microsoft inasiya kutchinjiriza XP pa 8 April 2014 ndi Windows 7 pa 14 January 2020. Mukamaliza kuika madirayiva, zulani chingwe cha intaneti, ndipo za kubanki kapena kutumiza ndalama kumudzi musachitire pa kompyuta imeneyi. Fulashi ya kasitomala iyambe yayezedwa mavairasi pa kompyuta ina musanaibaye.