Kumanga njinga ya kaboni yotchipa osaiswa

Achimwene mwafunsa kuti felemu ya kaboni mwaitanitsa ku China ija muimange bwanji kuno ku Kasungu. Choyamba musanaikepo kanthu igogodeni pang'onopang'ono ndi ndalama yachitsulo paliponse, pomwe pakumveka mosiyana ngati chikho chong'aluka pakhoza kukhala mng'alu, ibwezeni basi.

Kenako onani bottom bracket (pomwe pamalowa ekiselo ya mapedulo) ngati ili ya mazinga kapena press-fit (yongokanikizira mkati, yopanda mazinga), komanso ekiselo yakumbuyo, pa njinga zokwerera mapiri zambiri pano ndi Boost 148 (mpata wa mamilimita 148 pomwe pamalowa wilo), ndiye osathamangira kugula mawilo musanayeze.

Pomanga chishalo ndi handulo, apa ndipomwe ambiri amalira. Paipi ya chishalo musapake girisi, pakani carbon paste (phala loletsa kaboni kutereka), mabawuti mumange ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), kawirikawiri mphamvuyo ndi 5 Nm ndipo amalemba pomwepo. Anzathu okonza njinga za kabaza pamsika amakoka sipanala mpaka mitsempha kutuluka, pa chitsulo zimatheka koma kaboni imangoti phwa.

Mabuleki oyendera mafuta a kampani ya Shimano amafuna mafuta otchedwa mineral oil, osati mafuta a mabuleki a galimoto.

Fumbi la msewu wopita ku paki ya nyama ya Kasungu mu Okutobala limadya tcheni, muzipukuta mukabwerako nkudontheza mafuta pang'ono chabe.