Gilinipepa woola kunsi: vuto lili pa kathiriridwe, siyani kupopera

Chilimwe chino m'madimba a m'mbali mwa Thuchila mpaka ku Luchenza ndikuona vuto limodzi lomwelomwelo. Tsabola wa gilinipepa akuoneka bwino pamtengo, koma mukatembenuza chipatso, kunsi kwake kuli chibanga chakuda cholowa m'kati, chouma ngati chikopa. Mlimi akangochiona, liwiro kusitolo kukagula Dithane, mankhwala opopera matenda a fangasi. Apopera sabata ino, apoperanso sabata yamawa, zipatso zatsopano zikutulukabe ndi chibanga chomwecho.

Amenewa si matenda ogwira kuchokera kwina, ndipo palibe mankhwala opopera matenda a fangasi amene angawathetse. Chipatso chinasowa kashiamu, mchere wina umene mbewu imatenga m'nthaka, pa nthawi imene chimakula. Kashiamuyo sayenda yekha mu mbewu, amakwera ndi madzi kuchokera kumizu. Nthaka ikauma, ulendo wake umaima. Madzi ochepa otsalawo amakokedwa ndi masamba, chifukwa ndiwo amatulutsa madzi kwambiri dzuwa likamaswa mtengo, ndipo nsonga ya chipatso imatsala yopanda kanthu n'kufa. Mukadzabwera ndi makheni anu tsiku lachinayi kudzamiza bedi lonse, zawonongeka kale.

Ndiye kathiriridwe kathu ndi kameneko. Lolemba madzi mpaka matope, kenako kumsika, kenako kumaliro, dimba n'kuliiwala, Lachisanu madzi mpaka matope kachiwiri. Mpiru ndi chibwabwa zimapirira zimenezo, zimafota n'kudzukanso. Tsabola ayi. Mizu yake yambiri ili m'masentimita 30 apamwamba, malo amene amauma msanga mu Okutobala. Kumizako nakonso kumapha timizu ting'onoting'ono tomwe timamwa chakudya, choncho mwamulanga kawiri. Musaiwalenso kuti kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje tiyi amakondwa chifukwa nthaka yambiri ndi ya asidi, ndipo mvula yathu yochulukayi imakokolola kashiamu kupita naye pansi. Timayamba kale tili ndi wochepa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zipatso zogwidwa kwambiri ndi zoyambirira, zazikuluzikulu zija zimene mavenda a pa Bvumbwe ndi ku Limbe amalimbirana. Venda amatembenuza chipatso chilichonse. Chachibanga amachiika pambali, ndipo chifukwa chaona zingapo zotere, amatsitsa mtengo wa dengu lonse. Onjezerani ndalama ya mankhwala amene sanagwire ntchito, ndi thukuta lonyamula madzi miyezi yonseyo.

Bambo wina wachikulire, mlimi wakhama ndithu, anandikokera m'dimba mwake kuti ndikaone "matenda achilendo". Mitengo yofika m'chiuno, masamba obiriwira bii, maluwa ali mbwee pansi. Nditafunsa za feteleza anati, "Alangizi, pamenepo musandikayikire. Urea wotsala kuchimanga ndinamuthira yense muno, mbewu isamve njala." Ndinati, "Bambo, mwadyetsa masamba, zipatso mwazimana." Anaseka, akuti chimanga amatero chaka chilichonse ndipo sichinadandaulepo. Pajatu vuto ndi limeneli, chilichonse timachilima ngati chimanga. Urea ali ndi nayitirojeni 46 pa 100 alionse ndipo alibe china chilichonse. Mukamuunjika pa tsabola amene wayamba maluwa, mtengo umathamangira kuphuka masamba, masambawo n'kulanda madzi ndi kashiamu yemwe amayenera kupita kuchipatso. Bambowo anali atathiranso pouma, patsinde penipeni, moti mitengo ina inali itapsa khungwa. Zimenezi takhala tikuzinena m'masukulu a alimi chaka ndi chaka, koma thumba la Urea likangotsala pakhomo, zonse zimaiwalika.



Chochita n'chosavuta. Thyolani zipatso zonse zachibanga, sizichira, zikungodya chakudya cha zinzake. Thirirani pang'ono koma mosadumphitsa, m'mamawa kapena madzulo. Lowetsani chala m'nthaka: ikhale yachinyontho, osati yamatope. Kukatentha kwambiri ndiye tsiku ndi tsiku, ndipo ngati mukuchoka siyani munthu. Phimbirani bedi ndi udzu wouma kuti chinyontho chisathawe. Pobereketsa gwiritsani ntchito feteleza wa CAN m'malo mwa Urea, popeza iye ali ndi kashiamu pang'ono ndipo nayitirojeni wake ndi wocheperapo. Muzithira pang'onopang'ono kangapo, nthaka ili yonyowa, motalikira tsinde ngati kutalika kwa chala, n'kukwirira. Amene mukufuna kuthira laimu wochepetsa asidi ndi kuonjezera kashiamu m'nthaka, ameneyo sagwira ntchito lero ndi lero, amalowetsedwa m'nthaka miyezi iwiri kapena itatu musanawokere, ndiye ndi nkhani ya dimba la chaka chamawa. Yambani mwayezetsa nthaka, mlangizi wa m'dera lanu akuuzani kotumiza.