Amayi anu aferedwa amuna awo paukalamba? Zoti muchite miyezi yoyambirira

Azimayi amakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa azibambo, padziko lonse kusiyana kwake ndi zaka pafupifupi 5, ndiye muonjezepo zoti ambiri anakwatiwa ndi amuna owaposa zaka, mupeza kuti umasiye wa paukalamba umagwera kwambiri azimayi. A United Nations amati padziko pano pali azimayi amasiye okwana 258 miliyoni ndipo pafupifupi mmodzi mwa khumi aliwonse ali pa umphawi wadzaoneni, nchifukwa chake mu 2010 anakhazikitsa 23 June kukhala tsiku la azimayi amasiye. Nambalayi ikwerabe, a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, akuti anthu a zaka 60 kupita mtsogolo anali 1 biliyoni mu 2020 koma pofika 2050 adzakhala 2.1 biliyoni. Ndiye ngati amayi anu, apongozi, azakhali kaya agogo angoferedwa kumene, izi ndikulembera inu amene mwatsala nawo pafupi.

Yambani ndi mapepala, mwambo wa maliro ukangotha musachedwe. Setifiketi ya imfa, setifiketi ya ukwati, ziphaso za onse awiri, wilu ngati malemu anasiya, mapepala a nyumba ndi malo, a penshoni, a inshuwalansi, a ku banki ngakhalenso a ngongole. Jambulani chilichonse pa foni, pangitsani mafotokope angapo chifukwa ofesi iliyonse idzafuna yakeyake, koma mapepala enieniwo akhale ndi mayiwo m'chikwama chawo, asapite kwa mwana wamkulu kapena kwa alamu awo. Mapenshoni ambiri amakhala ndi gawo la mkazi wotsala koma ndalamayo siibwera yokha, mpaka munthu akalembetse ndipo kwina amaika nthawi yoti ikadutsa zimavuta. Foni ya malemu musaipereke kwa mdzukulu msanga, simu ija ikhale ikugwirabe ntchito chifukwa mauthenga a ku banki ndi manambala achinsinsi amabwera pomwepo. Komanso musamakatape ndalama ndi khadi ya malemu poti PIN mukuidziwa, m'maiko ambiri umenewo ndi mlandu ndipo umadzayambanitsa abale, kawauzeni a banki za imfayo akuuzeni ndondomeko yake.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muimve bwino. Ana ambiri chifukwa cha chikondi amangolanda zonse, khadi ndizikusungirani amayi, foniyi ikuvutani ndizikuonerani ine, ndiye pakutha chaka mayi amene anayendetsa banja zaka makumi anayi akuchita kupempha ndalama zawo zomwe kuti akagule sopo. Ine ndimaona kuti kumeneko ndi kuwafoola. Atsegulireni akaunti ya dzina lawo ngati analibe, khalani nawo pansi, foni ikhale m'manja mwawo adine okha mabatani ngakhale zitenge ola lathunthu, mawa abwerezenso, mpaka azitha kuona balansi okha komanso kutumiza ndalama. Lembani limodzi papepala zomwe zimalowa pamwezi ndi zomwe zimatuluka, mankhwala akhale pamwamba penipeni. Ngati ana mukusonkherana, gwirizanani deti limodzi pamwezi ndipo musamaphonye, bola kochepa kobwera nthawi yake kusiyana ndi zambiri zobwera mwa apo ndi apo chifukwa munthu sangakonze mapulani ndi ndalama yomwe sakudziwa kuti ifika liti.

Zinthu zikuluzikulu ziyambe zadikira. Kugulitsa nyumba, kusamuka kukakhala kwa mwana, kubwereketsa ndalama za penshoni kwa wachibale amene akuti ali ndi bizinesi yabwino, zonsezi zidikire miyezi ingapo mutu ukhazikike kaye. Asasaine pepala lililonse asanawerengeredwe ndi munthu amene iwo eni amamukhulupirira. Kukabwera munthu kumati malemu anali ndi ngongole yanga, apereke umboni wolembedwa, akuba amadziwa kuti namfedwa sachedwa kuvomera. Achibale akayamba zolanda katundu musalimbane nawo ndi pakamwa pokha, pitani kwa loya kapena ku mabungwe othandiza pa zamalamulo mwaulere, ndipo mukhale mutalemba kale mndandanda wa katundu yense ndi zithunzi zake.

Chisoni chimadwalitsa thupi, izi si zongokamba ayi, akafukufuku anapeza kuti miyezi yoyambirira munthu akaferedwa mkazi kapena mwamuna wake chiopsezo choti nayenso amwalire chimakwera. Palinso matenda a mtima otchedwa takotsubo omwe madokotala a ku Japan anawafotokoza koyamba mu 1990, amayamba munthu akakumana ndi nkhani yoopsa ngati imfa ndipo amagwira kwambiri azimayi amene anasiya kusamba. Ndiye akadandaula kuti pachifuwa pakupweteka kapena akubanika musanene kuti ndi maganizo chabe, thamangani nawo kuchipatala. Kumbukiraninso kuti ambiri mwa amayiwa akhala akudwazika abambo zaka, za thupi lawo anaziika pambali, choncho apite akayezetse BP, shuga, maso ndi makutu. BP ikamafika 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza imeneyo ndi yofunika dokotala. Yang'anani pomwe amasunga mankhwala, nthawi zambiri mapilitsi a malemu amakhala adakali m'kabasiketi komweko pamodzi ndi awo, mabotolo ofanana zilembo zing'onozing'ono maso akuvuta, achotseni tsiku lomwelo ndipo mugule kabokosi kamene kali ndi zipinda za masiku a sabata.

Munthu amene anazolowera kuphikira awiri akatsala yekha amasiya kuphika, mukafunsa adzati ndadya, inu yang'anani zovala ngati zayamba kukhwepa. Mafupa a azimayi amafooka akasiya kusamba chifukwa mahomoni a estrogen amachepa, ndiye kungoterereka kubafa fupa la m'chiuno lathyoka, ndipo ambiri akathyoka pamenepo sabwereranso mwakale. Ikani nyale panjira yopita kuchimbudzi usiku, chotsani timakapeti toterera, muike chogwirira kubafa. A WHO amalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata zolimbitsa thupi ngati kuyenda ndawala, kuphatikizapo masiku atatu a mafizo othandiza kuti munthu asamadzandire.

Anthu amadzadza nyumba sabata yoyamba kenako zii, pamene kusungulumwa kukuyamba kumene. Gawanani masiku oimba foni ndi okawaona, alimbikitseni abwerere ku gulu lawo la mapemphero kapena kwa anzawo akale, ndipo musawatutire zidzukulu poganiza kuti muwachotsa mphwayi musanawafunse ngati mphamvu ndi ndalama zozisamalira zilipo. Kulira nkwabwino, asiyeni alire ndipo azitchula dzina la amuna awo momasuka, koma miyezi ikamapita iwo osagona, osasamba, kumangonena zoti bola nditsatire abambo anu, kumeneko ndi kudwala maganizo ndipo chithandizo chake chilipo kuchipatala, apite nawo munthu amene amamasuka naye. Mtima ukakhalako pansi, afunseni ngati angafune kulemba wilu yawo komanso kusankha munthu wodzawaimira pa za ndalama ndi zachipatala tsiku lomwe sadzatha kudzilankhulira, asankhe okha ndipo zilembedwe pamaso pa mboni.